Anafuna kugula mitima, phindu linatulukira kukhitchini

Pa 16 Epulo 1959, Lyndon Johnson, amene panthawiyo ankatsogolera aphungu a chipani chochuluka m'nyumba ya Seneti ya America, anaimirira pamaso pa akonzi a nyuzipepala mumzinda wa Washington n'kupereka ganizo lakuti dziko lake limange malo ku Hawaii oti anthu ophunzira a ku Asia ndi a ku America azikumanako. Patangotha chaka ndi mwezi, pa 14 Meyi 1960, Pulezidenti Dwight Eisenhower anasaina lamulo lokhazikitsa malowo. Dzina lake ndi East-West Center, ndipo ali m'chigwa cha Manoa mumzinda wa Honolulu, pamalo amodzi ndi Yunivesite ya Hawaii. Lamulo limene linabereka malowa silinali la zamaphunziro ayi. Linali Mutual Security Act, lamulo la chitetezo ndi thandizo lopita kunja. Mfundo imeneyi tiigwiritsitse, chifukwa zokoma ndi zowawa zonse za malowa zinamera pomwepo.

Ine ndili kumbali yoti malowa apitirire. Koma zifukwa zanga si zimene andale a ku Washington amapereka akamawapemphera ndalama. Iwo amati malowa amathandiza America kukhala ndi abwenzi ndi mphamvu ku Asia. Ine ndikuti chamtengo wapatali pamalopo ndi wophunzira amene amagona, kuphika ndi kukangana ndi anzake ochokera m'mayiko ena kwa zaka ziwiri kapena zinayi, ndipo nthawi zonse pamene atsogoleri a malowa anaiwala wophunzirayo n'kuthamangira zina, malowa anafooka.

Tiyambe ndi chilungamo pa chiyambi chake. Sizinali zachifundo. Imeneyo inali nthawi ya nkhondo yapakamwa pakati pa America ndi Soviet Union, ndipo mayiko a ku Asia ndi ku Africa amene ankangolandira kumene ufulu anali ngati mphoto yolimbirana. Mu Febuluwale 1960, miyezi itatu Eisenhower asanasaine lamulo lija, boma la Soviet Union linalengeza kuti likutsegula yunivesite ku Moscow ya achinyamata a ku Asia, Africa ndi Latin America, ija inadzapatsidwa dzina la Patrice Lumumba chaka chotsatira iye ataphedwa ku Congo. Mbali zonse ziwiri zinkadziwa chinthu chimodzi: mnyamata amene ukumuphunzitsa lero ndiye nduna, mkonzi wa nyuzipepala kapena mkulu wa yunivesite wamawa. Kupatsa n'kuika. Aphungu a ku America anavomereza madola pafupifupi 10 miliyoni poyambira, ndipo sanabise kuti akuyembekezera kudzakolola.

Ku Hawaii komweko kunali anthu amene anali ndi maloto awoawo. Murray Turnbull, mphunzitsi wa zojambulajambula payunivesiteyo, anali atalemba kale ganizo la koleji ya anthu a mitundu yonse, ndipo ndi iye amene anayamba kuyendetsa malowa mogwirizira. John Burns, amene ankaimira Hawaii kunyumba ya malamulo ku Washington zilumbazi zisanakhale chigawo chokwanira cha America, anagwirizana kwambiri ndi Johnson pankhaniyi. Hawaii inakhala chigawo cha 50 mu Ogasiti 1959, ndipo atsogoleri ake ankafuna kusonyeza kuti zilumba zawo zili ndi ntchito ina kuposa kulima nzimbe ndi zinanazi komanso kusunga sitima zankhondo ku Pearl Harbor. Mu Meyi 1961 Johnson, ali wachiwiri kwa pulezidenti, anapita yekha kukakumba dothi loyamba pamalo omangapo. Mkulu woyamba wokhazikika anali Alexander Spoehr, katswiri wa chikhalidwe cha anthu amene ankatsogolera Bishop Museum.

N'chifukwa chiyani anasankha Hawaii, osati New York kapena California? Yankho lofulumira n'lakuti ili pakati pa nyanja ya Pacific. Koma pali yankho lina lochititsa manyazi. Mu 1960 America inali idakali dziko la tsankho lolembedwa m'malamulo. Panali patangopita zaka zitatu kuchokera pamene asilikali anachita kuperekeza ana asanu ndi anayi achikuda kukalowa m'kalasi ku Little Rock. Mu 1961 akazembe a mayiko a ku Africa ankawakaniza chakudya m'malesitilanti a mumsewu wa Route 40 ku Maryland, popita ku Washington. Malamulo olowera m'dzikomo ankatsekereza anthu a ku Asia mpaka mu 1965, ndipo nzika za America zochokera ku Japan zinali zisanaiwale misasa imene anazitsekeramo mu 1942. Wophunzira wa ku India kapena ku Indonesia akanafikira kum'mwera kwa dzikolo akanabwerera kwawo ali mdani. Ku Hawaii kokha ndi kumene azungu sanali ochuluka kuposa onse, kumene Hiram Fong, mwana wa anthu ochokera ku China, anali seneta, ndipo Daniel Inouye, mdzukulu wa anthu ochokera ku Japan, anali phungu. Anafuna kuonetsa alendo chipinda chosesa bwino cha nyumba imene zipinda zina zinali zosaonetseka.

Ngakhale chipinda chosesacho chinali ndi zake pansi pa mphasa. Kusakanikirana kwa mitundu ku Hawaii sikunabwere chifukwa cha chikondi. Kunabwera chifukwa eni minda ya nzimbe ankafuna antchito otchipa, n'kumawatenga ku China, ku Japan, ku Portugal, ku Korea ndi ku Philippines, n'kumawagoneka m'misasa yosiyana kuti asagwirizane. Eni nthaka enieni, Ahawayi, anali atalandidwa ufumu wawo mu 1893 pamene Mfumukazi Liliuokalani anachotsedwa pampando ndi anthu amalonda mothandizidwa ndi asilikali a America, ndipo zilumbazo zinatengedwa mu 1898. Boma la America linadzapepesa m'chaka cha 1993, patatha zaka 100. Malo amene ankati ndi okumanirana Kum'mawa ndi Kumadzulo anamangidwa pa nthaka ya anthu amene dzina la malowo silikuwatchula n'komwe. Zinatenga mpaka mu 2022 kuti Mhawayi, mayi Suzanne Vares-Lum, akhale mtsogoleri wa malowa, ndipo anali mkazi woyambanso pampandopo. Zaka 62 n'zambiri kwabasi.

Tsono ngati chiyambi chake n'chotere, ndikuwaikiranji kumbuyo malowa? Chifukwa amene anawakonza anachita zinthu zingapo zimene zinapitirira cholinga cha amene ankalipira.

Choyamba, anaika lamulo lakuti pa ophunzira atatu alionse olandira sikolashipu, awiri azichokera ku Asia ndi kuzilumba za Pacific, mmodzi yekha ndiye wa ku America. Zikuoneka zazing'ono, koma taganizani. M'mayunivesite ambiri a kunja, mlendo amakhala mmodzi pakati pa eni mudzi mazana. Amaphunzira chilankhulo chawo, amadya zakudya zawo, amaseka nthabwala zawo ngakhale sanazimve, ndipo eni mudzi sasowa kudziwa kalikonse za iye. Aliyense wa ife amene ali ndi m'bale amene anakaphunzira ku Britain kapena ku China anamvapo za kusungulumwa kumeneku: kumaliza digiri yonse osalowapo m'nyumba ya mwini dziko. Ku Manoa zinatembenuzidwa. Mwamerika ndiye anali wochepa. Ankapatsidwa sikolashipu kuti aphunzire za Asia, zilankhulo zake ndi mbiri yake, ndipo ambiri ankapita kukachita kafukufuku kumayiko a anzawowo. Dzina lonse la malowa m'lamulo limanena za kusinthana, ndipo kusinthana sikutheka ngati mbali imodzi yokha ndiyo ikuphunzitsa.

Chachiwiri ndi nyumba zimene anamanga. Anaitana I. M. Pei, katswiri wolemba mapulani a nyumba wobadwira ku China, yemwe uja anadzamanga piramidi yagalasi ku Louvre mumzinda wa Paris. Iye anakonza Jefferson Hall ya misonkhano, Kennedy Theatre ya zisudzo, ndi nyumba zogonamo: Hale Manoa, Hale Kuahine ndi Lincoln Hall. Imene ndikufuna tiiyang'anitsitse ndi Hale Manoa, hositelo ya nsanjika 13 ya konkire. Chikepe chake sichiima pa nsanjika iliyonse. Chimaima pa yachitatu, yachisanu ndi chimodzi, yachisanu ndi chinayi ndi ya 12, ndipo pamenepo palibe zipinda zogona zotsekeka ngati za hotela. Pali khonde lalitali lopita mphepo, loonera mapiri a Manoa mbali imodzi ndi mzinda mbali inayo, ndipo ndi pamenepo pali makhitchini a onse. Kuti munthu akafike kuchipinda kwake ayenera kutsika pa khondepo, kudutsa anzake, kenaka kukwera kapena kutsika masitepe. Sungazembe. Ukubwera kukalasi utatopa, nkhope ili gwaa, ukapeza wina akukazinga adyo ndi tsabola mpaka kukutsokomoletsa, wina akudikira mpunga wake upse, wina akusaka amene wamutengera poto. Mawa lake ndiwe amene wasowa mchere.

Pamenepo ndi pamene pali sukulu yeniyeni. Mmwenye ndi Mpakisitani, amene mayiko awo anamenyana mu 1965 ndi mu 1971, ankakwera chikepe chimodzi. Mkoreya amene makolo ake anakula pansi pa ulamuliro wankhanza wa Japan ankagona khoma limodzi ndi Mjapani. Mfilipino ndi Mchaina angatsutsane za nyanja masana m'kalasi, madzulo n'kupezana pa sinki. Sindikunena kuti amachoka atagwirizana. Ambiri amachoka ndi maganizo awo omwewo. Koma munthu amene wadya naye m'mbale imodzi, amene unamuona akulira atalandira uthenga wa maliro a kwawo, n'kovuta kudzamuyesa chilombo tsiku limene manyuzipepala a kwanu adzayamba kulemba kuti anthu a mtundu wake onse ndi oipa. Msonkhano wa masiku atatu m'hotela sungachite zimenezi, ngakhale utakhala ndi olankhula otchuka chotani. Zimafuna nthawi yaitali, ndiponso timikangano ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku.

Onjezerani apa kuti malowa sapereka digiri. Digiri imachokera ku Yunivesite ya Hawaii, kumene wophunzira amakhala m'kalasi ndi ana a m'zilumbazo ndi ena onse, n'kumayesedwa ndi aphunzitsi amene salembedwa ntchito ndi unduna wa zakunja. Ichi chinali chitetezo chachikulu. Yunivesite ya ku Moscow ija inkadzudzulidwa kuti ikupatula alendo kwa eni dziko, ndipo mu Disembala 1963 ophunzira mazana a ku Africa anachita zionetsero pa Red Square wophunzira wina wa ku Ghana atapezeka atafa m'chipale chofewa. Kusonkhanitsa alendo pamalo amodzi pakokha sikubala ubwenzi. Zimadalira kuti akukhala ndi ndani, komanso ngati ali ndi ufulu woyankha.

Pali amene anganditsutse, ndipo mawu awo ndi olemera. Anganene kuti zonsezi ndi shuga wopaka pa mankhwala owawa. Johnson yemwe uja anakumba dothi ku Manoa ndi amene anakulitsa nkhondo ya ku Vietnam. Mu Febuluwale 1966 anakumana ndi atsogoleri a South Vietnam, Nguyen Van Thieu ndi Nguyen Cao Ky, mu Honolulu momwemo, ndipo likulu la asilikali a America oyang'anira dera lonse la Pacific lili pachilumba chomwecho cha Oahu. Dzanja limodzi linkalipirira wophunzira wa ku Asia fizi, linzake likuponya mabomba pa midzi ya ku Asia. Kodi khitchini ya onse ingafafanize zimenezo?

Siingafafanize, ndipo aliyense wonena kuti ingatero akunama. Koma mtsutso umenewu uli ndi chilema chimodzi: umamutenga wophunzira ngati mphika wopanda kanthu umene wolipira angathiremo chilichonse. Anthu amene ankapita ku Manoa anali akuluakulu, ambiri ali kale ndi digiri yoyamba, ena aphunzitsi, ena ogwira ntchito m'boma. Ankaona nkhondoyo pa wailesi yakanema ngati wina aliyense, ndipo ankaonanso achinyamata a ku America payunivesitepo akuitsutsa poyera. Amene anafuna kuwaonetsa ubwino wa America anawaonetsanso, mosafuna, kuti nzika ingathe kudzudzula boma lake. Kwa munthu wochokera m'dziko lolamulidwa ndi asilikali, phunziro limenelo linali loopsa kwa olamulira a kwawo, ambiri mwa iwo anali abwenzi a America yemweyo.

Nkhani ya Ann Dunham, mayi ake a Barack Obama, ikusonyeza bwino kuti wolipira salamulira zotsatira. Bambo ake a Obama anachokera ku Kenya n'kufika ku Yunivesite ya Hawaii mu 1959, malowa asanatsegulidwe. Banja limenelo litatha, Ann anakumana ndi Lolo Soetoro wa ku Indonesia, amene anali pa sikolashipu ya East-West Center, ndipo anakwatirana mu 1965. Chaka chomwecho ku Indonesia kunayamba kupha kwa anthu mazana a zikwi oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu, mkulu wa asilikali Suharto akukwera pampando. Lolo anabwerera kwawo mu 1966, ndipo Ann ndi mwana wake anamutsatira mu 1967. Pambuyo pake Ann nayenso analandira thandizo la malowa kuti aphunzire za chikhalidwe cha anthu. Sanakhale mlaliki wa ukulu wa America. Anatha zaka zambiri m'midzi ya pachilumba cha Java akufufuza za osula zitsulo, momwe amapezera makala ndi zitsulo zakale, momwe amagulitsira makasu ndi zikwanje zawo, mpaka kulandira digiri ya udokotala mu 1992. Anagwiranso ntchito yokonza ngongole zing'onozing'ono za anthu akumudzi ndi Bank Rakyat Indonesia. Mfundo yake yaikulu inali yakuti anthu akumudzi sali osauka chifukwa cha ulesi kapena chikhalidwe chawo, koma chifukwa chosowa mpamba. Apa amene anasinthidwa ndi Mwamerika. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo nthawi zina amene ametedwa ndi mwini nyumba.

Tsopano tifike pamene ndikuona kuti malowa anayamba kupatuka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pansi pa utsogoleri wa Everett Kleinjans, anaganiza zoti kungobweretsa ophunzira sikukwanira. Anakhazikitsa nthambi zofufuza mavuto apadera: kuchuluka kwa anthu, chakudya, kufalitsa nkhani, chikhalidwe, ndi luso la chitukuko. Ntchito yabwino inatuluka m'menemo, sindikukana. Nthambi ya chiwerengero cha anthu inaphunzitsa akatswiri ambiri a kalembera a mayiko a ku Asia. Wilbur Schramm, mmodzi mwa oyambitsa maphunziro a zofalitsa nkhani, anatsogolerapo nthambi yake m'zaka za m'ma 1970. Pulogalamu ya Jefferson Fellowships, imene inayamba mu 1967, yakhala ikutenga atolankhani a mbali zonse ziwiri kukaona mayiko a anzawo ndi maso awo. Kenaka mu 1975 nyumba ya malamulo ya Hawaii inachotsa malowa m'manja mwa yunivesite n'kuwapanga bungwe loima palokha lokhala ndi bodi yakeyake.

Kuima paokha kunawapatsa mpata wopuma, chifukwa kukokanakokana pakati pa yunivesite ndi Washington kunali kutawatopetsa. Koma kunasinthanso mtima wa malowa. Pang'ono ndi pang'ono ulemu unasamukira kwa ofufuza olembedwa ntchito, kwa malipoti ndi misonkhano, ndipo wophunzira wa ku Hale Manoa anakhala ngati gawo limodzi chabe mwa zambiri. Vuto lake n'lakuti mabungwe olemba malipoti a za Asia ndi ambirimbiri. Ku Washington adzaza, ku Tokyo, ku Singapore ndi ku Canberra aliponso, ndipo ena ali ndi ndalama zoposa. Hositelo imene Mwamerika ali wochepa pakati pa anthu a mayiko makumi angapo ndiyo inali yosowa. Kusiya chinthu chosowa chimene uli nacho n'kukapikisana pa chimene aliyense ali nacho si nzeru.

Bodi imene inabadwa mu 1975 ikuululanso kanthu. Ili ndi anthu 18. Asanu amasankhidwa ndi bwanamkubwa wa Hawaii, asanu ndi nduna ya zakunja ya America, atatu amalowa chifukwa cha maudindo awo, ndipo asanu okha ndiwo amachokera ku Asia ndi ku Pacific. Kuhositelo alendo ndi awiri pa atatu alionse. Patebulo lopangira ziganizo sakwana ngakhale mmodzi pa atatu.

Chimene chinaonetsa poyera kufooka kwa maziko ndi zaka za m'ma 1990. Soviet Union inagwa mu 1991. Mdani atafa, aphungu anayamba kufunsa kuti ndalamazi tikuperekeranji. Mu bajeti ya 1996 thandizo la boma linadulidwa kuchoka pa madola opitirira 24 miliyoni kufika pansi pa 12 miliyoni, ndipo chaka chotsatira linatsikanso. Antchito ambiri anachotsedwa, nthambi zinaphwanyidwa, masikolashipu anachepa. Malowa sanali atalakwa kanthu. Anali atangotaya chifukwa chimene eni ndalama ankawakondera. Anapulumuka makamaka chifukwa Daniel Inouye, amene anakhala seneta kuyambira 1963 mpaka imfa yake mu 2012, anali ndi mphamvu pa komiti yogawa ndalama za boma. Charles Morrison, amene anatsogolera malowa kuyambira 1998 mpaka 2016, anawadzutsanso, ndipo mu 2001 anatsegula ofesi ku Washington kuti akhale pafupi ndi ogwira chikwama. Zinathandiza. Koma bungwe limene moyo wake wadalira seneta mmodzi ndi ofesi yokopa aphungu silinachire, langopeza ndodo.

Lero mpikisano wabweranso, ulendo uno ndi China. Pamene Solomon Islands inasaina pangano la chitetezo ndi Beijing mu 2022, Washington inadzidzimuka n'kukumbukira kuti ku Pacific kuli zilumba. Chonsecho East-West Center inali ikugwira ntchito ndi zilumbazo kuyambira 1980, pamene atsogoleri monga Ratu Sir Kamisese Mara wa ku Fiji anathandiza kukhazikitsa Pacific Islands Development Program ndi msonkhano wa atsogoleri a zilumbazi. Kwa zaka makumi anayi anthu a ku Tonga, Samoa, Kiribati, Marshall Islands ndi Papua New Guinea akhala akuphunzira kumeneko za usodzi, za kukwera kwa nyanja ndi za kayendetsedwe ka boma, panthawi imene akuluakulu a dziko lapansi analibe nawo ntchito. Kwa ine iyi ndi imodzi mwa ntchito zolemekezeka kwambiri za malowa, chifukwa inkachitika popanda woombera m'manja.

Ndikuda nkhawa ndikamva oteteza malowa akunena kuti ndi chida chothana ndi China. Ndikumvetsa kuti ndi chilankhulo chimene aphungu amamva. Koma ndi msampha womwe uja wa 1960. Ukavomera kuti ndiwe chida, wavomeranso kuti nkhondo ikatha kapena mwini akapeza chida china, uponyedwa pakona. Choipitsitsa n'chakuti wophunzira wa ku China, amene kupezeka kwake pa khonde lija n'kofunika kwambiri panopa kuposa kale lonse, amayamba kuonedwa ngati kazitape, ndipo wa ku Vietnam kapena wa ku Fiji amayamba kudzifunsa ngati wabwera kudzaphunzira kapena kudzalembedwa m'gulu. Ngakhale mawu amenewo sakuteteza mokwanira. Maboma a Donald Trump, loyamba ndi lachiwiri lomwe, anapempha kuti thandizo la malowa lichotsedwe mu bajeti. Ife a kuno tinaona mu 2025 momwe kutsekedwa kwa USAID kunagwedezera ntchito za umoyo ndi maphunziro zimene tinkaziyesa zokhazikika. Tikudziwa kuti chiganizo cha munthu mmodzi kutali chingathe kuzimitsa nyale m'nyumba zambiri tsiku limodzi.

Tsono mlandu wina ndikuupereka kumayiko a ku Asia eni ake. Mu 1960 South Korea, Taiwan ndi Singapore anali osauka, ndipo kunali koyenera kuti America alipire. Lero ali m'gulu la olemera kwambiri padziko lapansi, pamodzi ndi Japan, ndipo India ndi Indonesia ali ndi chuma chachikulu. Mphatso anaperekapo. Makampani a ku Japan anapereka dimba lokongola la kuseri kwa Jefferson Hall, limene Kenzo Ogata anakonza mu 1963, ndipo Mfumu Bhumibol ya ku Thailand inapereka kanyumba kachifumu kopumiramo mu 1967. Maboma ndi anthu ena amaperekanso ndalama za mapulogalamu apadera. Koma dimba sililipira fizi. Msana wa bajeti ukadali ndalama za aphungu a ku Washington, zimene mu 2024 zinali madola 22 miliyoni pachaka. Kwa mayiko amenewa ndalama imeneyi ndi yochepa zedi. Akanagawana, malowa akanakhala awo enieni, mipando ya pabodi ikanagawidwa mwatsopano, ndipo palibe phungu wa ku Texas kapena ku Ohio amene akanatha kuwatseka yekha. America nayenso akanapindula, chifukwa anthu amakhulupirira msanga malo amene sali m'thumba la boma limodzi.

Ena anganene kuti ndalama za mayiko ambiri zimabweretsa mabwana ambiri, aliyense ndi zofuna zake, ndipo ena mwa mabwanawo salola n'komwe kudzudzulidwa kwawo. N'zoona, ndipo pangafunike malamulo olimba oti wopereka ndalama asasankhe wophunzira kapena kuletsa mutu wa kafukufuku. Komabe mabwana asanu amene akuyang'anana ndi abwino kuposa bwana mmodzi amene angasinthe maganizo pa chisankho chilichonse.

Ndipo ndalama zikachepa, monga zidzacheperanso, atsogoleri a malowa adziwe chodula choyamba. Adule misonkhano ya m'mahotela, adule malipoti amene ena angalembe, achepetse maulendo a akuluakulu. Bedi la wophunzira ku Hale Manoa likhale lomaliza kukhudzidwa, makamaka la mwana wa ku Timor-Leste, ku Laos kapena ku Tuvalu amene alibe khomo lina lolowera.

Malowa amanyadira kuti anthu opitirira 65,000 anadutsamo, ndipo ali ndi magulu a ophunzira akale m'mayiko ambiri. Anthu amenewa atagawana kulipira madola 22 miliyoni aja, aliyense angapereke osakwana madola 350 pachaka. Ndikudziwa kuti ambiri anangobwera pa maphunziro a milungu yochepa, ena anamwalira, ndipo kwa mphunzitsi wa ku Nepal ndalama imeneyo ndi malipiro a mwezi kapena kuposa. Koma m'gulu lomwelo muli nduna, akazembe, eni makampani ndi akuluakulu a mayunivesite, anthu amene angathe kupereka za anzawo zana limodzi, komanso amene ali ndi khutu la maboma awo. Thumba lokhazikika lolipirira masikolashipu okha, limene boma lililonse silingaligwire, liyenera kuyambira kwa iwo, ndipo nthawi yabwino yoliyambitsa inali mu 1996.